Kulawa Vinyo M'sitolo Yam'dera ndi Zakudya Zoyenda Naye

M'mizinda ya maiko amene amalima mphesa mumapezeka timasitolo togulitsa vinyo yekhayekha. Ku France mwini sitolo yotereyi amatchedwa caviste, ndipo ku Italy sitoloyo amaitcha enoteca. Zina ndi zakale kwambiri. Ku London, kampani ya Berry Bros. & Rudd yakhala pamalo amodzimodzi mumsewu wa St James's kuyambira m'chaka cha 1698, ngakhale kuti poyamba inkagulitsa khofi ndi zinthu zina zapakhomo. Zambiri mwa sitolo zimenezi ndi chipinda chimodzi chokha, mashelefu mpaka kudenga, tebulo lalitali pakati, ndi mwini wake amene botolo lililonse limene walola kulowa anayamba walilawa yekha.

Chimene chimasiyanitsa malo amenewa ndi supamaketi ndi vuto limene wogula vinyo aliyense amakumana nalo. Nsalu munthu amaigwira asanagule, tomato amamuona ngati wapsa, koma vinyo amagulidwa ali wotsekeredwa m'botolo, ndipo pepala lapabotolopo silinena ngati wogulayo akamukonde. Mabotolo awiri a mphesa za mtundu umodzi, ochokera m'chigwa chimodzi, akhoza kusiyana kutalitali. N'chifukwa chake eni sitolo amakonza masiku olawitsa, kawirikawiri madzulo a mkati mwa sabata kapena Loweruka masana. Amatsegula mabotolo angapo, aliyense n'kulawako pang'ono, ndipo pambali pamakhala tizakudya tosankhidwa kuti tiyende ndi vinyo aliyense. Kwina salipiritsa chifukwa amadalira kuti olawawo agulako. Kwina amalipiritsa, makamaka ngati pali chakudya kapena ngati wopanga vinyoyo wabwera yekha kudzafotokoza ntchito yake.

Chitsanzo chapafupi ndi mzinda wa Cape Town ndi matauni oyandikana nawo ku South Africa. Vinyo wambiri wa m'masitolo a ku Lilongwe, Blantyre ndi Lusaka amachokera kumeneko, ndipo anthu ambiri ochokera ku Malawi ndi ku Zimbabwe amagwira ntchito m'malesitilanti ndi m'minda ya mphesa ya chigawo chimenechi.

Mphesa za ku Cape

Jan van Riebeeck, amene kampani ya Adatchi inamutuma kukakhazikitsa malo opumirapo sitima zapamadzi mu 1652, analemba kuti vinyo woyamba wa mphesa za ku Cape anafinyidwa pa 2 February 1659. Simon van der Stel anakhazikitsa Stellenbosch mu 1679 ndi munda wa Constantia mu 1685. Mu 1688 kunafika Afalansa othawa nkhanza za chipembedzo, amene ambiri anakakhala m'chigwa chimene lero chimatchedwa Franschhoek. Vinyo wotsekemera wa ku Constantia anatchuka mpaka m'nyumba zachifumu za ku Ulaya, ndipo Napoleon ankamulandira ali mu ukaidi pachilumba cha St Helena. Ambiri mwa ogwira ntchito m'minda imeneyi anali akapolo, kufikira ukapolo utathetsedwa mu 1834.

Mayina awiri a mphesa sasowa patebulo lolawira ku Cape. Loyamba ndi Chenin blanc, mphesa yoyera yochokera m'chigwa cha Loire ku France, imene kale alimi akumeneko ankaitcha Steen. South Africa ndilo dziko limene lili ndi minda yambiri ya Chenin blanc kuposa lina lililonse, kuphatikizapo France yomwe. Lachiwiri ndi Pinotage, mphesa yofiira imene Abraham Izak Perold wa ku yunivesite ya Stellenbosch anaipeza cha m'ma 1925 pokwatitsa Pinot noir ndi Cinsaut. Palinso vinyo wathovu wotchedwa Cap Classique, amene amawira kachiwiri ali m'botolo monga amachitira Champagne. Woyamba wa mtundu umenewu anapangidwa pamunda wa Simonsig mu 1971. Kuyambira 1973 dzikolo lili ndi lamulo la Wine of Origin: botolo likatchula dera, mphesa zonse ziyenera kukhala zochokera m'deralo, ndipo masiku ano likatchula mtundu wa mphesa kapena chaka, osachepera 85 peresenti ya vinyoyo ayenera kukhala wa mtundu umenewo kapena wa chaka chimenecho.

Dongosolo la tsiku lolawa

Wolawitsa amatsegula mabotolo asanu, asanu ndi limodzi, mwina mpaka asanu ndi atatu. Botolo la vinyo limakhala la mamililita 750, ndipo aliyense amathiriridwa mamililita 30 kufikira 50 okha, moti botolo limodzi limakwanira anthu 15 mpaka 25. Galasi lake limakhala la mwendo, lotakata m'munsi ndi lopanikizika kukamwa kuti fungo lisabalalike. Amaligwira pamwendo kapena pansi penipeni, chifukwa chikhatho chimatenthetsa vinyo komanso zala zimadetsa galasi. Patebulo pamakhala madzi akumwa, buledi kapena mabisiketi opanda shuga, pepala lolembapo, ndi kachidebe kolavuliramo.

Mlendo woyamba kufika pamalo otere amadabwa kuona anthu ovala bwino akulavula chakumwa chodula pamaso pa anzawo. Kumeneko si mwano. Munthu akameza magalasi asanu ndi atatu a mamililita 50 ndiye kuti wamwa zoposa theka la botolo, ndipo pofika pa vinyo wachisanu lilime ndi mutu zimakhala zitasiya kusiyanitsa. Kukoma konse kumamveka vinyo ali m'kamwa ndi m'mphuno. Kukhosi kumangowonjezera kuledzera. Mwano weniweni pamalopo ndi kubwera utadzithira perefyumu wamphamvu kapena ukununkha fodya, popeza fungolo limasokoneza aliyense amene wayandikana nawe.

Ndondomeko yothirira ili ndi chifukwa chake. Amayamba ndi wathovu, kenako woyera wopepuka, woyera wolemera, wofiirira wotchedwa rosé, wofiira wopepuka, wofiira wamphamvu, ndipo wotsekemera amabwera pomaliza. Vinyo wamphamvu akatsogola, wopepuka wobwera pambuyo pake amamveka ngati madzi. Wotsekemera akatsogola, wina aliyense wotsatira amawawasa mopitirira. Kazizidwe nakonso n'kofunika: wathovu amaperekedwa pa madigiri 6 mpaka 8, woyera pa 8 mpaka 12, wofiira pa 15 mpaka 18. Vinyo wozizira kwambiri amabisa fungo lake, ndipo wofunda amatulutsa fungo la mowa lokhalokha.

Maso, mphuno ndi pakamwa

Kuyang'ana ndi gawo lalifupi. Galasi amalipendeketsa pamwamba pa pepala loyera kuti mtundu uoneke bwino. Madzi a mphesa zambiri, zofiira zomwe, ndi oyera. Kufiira kumachokera m'makoko amene amasiyidwa m'madzimo pamene yisiti ikusandutsa shuga kukhala mowa. Makoko akachotsedwa patangopita maola ochepa pamatuluka rosé. Vinyo woyera akamakalamba amadera n'kumapita ku mtundu wa golide, pamene wofiira amasuluka n'kumayandikira mtundu wa njerwa m'mphepete. Timadontho timene timatsetsereka m'mbali mwa galasi timasonyeza kuchuluka kwa mowa ndi shuga basi, ngakhale kuti ena amatiyamikira ngati umboni wa ubwino wa vinyo.

Ntchito yaikulu ili pamphuno. Lilime limazindikira zinthu zisanu zokha: kutsekemera, kuwawasa, mchere, kuwawa, ndi kukoma kwa msuzi wa nyama kapena bowa kumene katswiri wa ku Japan, Kikunae Ikeda, anakutcha umami mu 1908. Zina zonse zimene anthu amati n'kukoma kwa chinthu ndi fungo, limene limafika m'mphuno kudzera kutsogolo komanso kudzera kumbuyo kwa pakamwa chinthucho chili m'kamwa. N'chifukwa chake munthu wodwala chimfine amati chakudya sichikukoma. Wolawa amazunguliza vinyo m'galasi kuti akhudzane ndi mpweya, kenako amalowetsa mphuno n'kukoka fungo pang'onopang'ono.

Mawu amene olawa amagwiritsa ntchito amaseketsa anthu ambiri. Wina amati akumva tsabola, wina batala, wina magwafa, pamene m'botolomo munalowa mphesa zokha. Komatu zambiri mwa zimenezi zili ndi maziko ake. Fungo la tsabola wobiriwira wosawawa limene limamveka mu Sauvignon blanc ndi Cabernet Sauvignon limachokera ku mankhwala achilengedwe otchedwa methoxypyrazine, omwenso ali mu tsabolayo. Fungo la tsabola wakuda mu Shiraz limachokera ku rotundone, amene akatswiri a ku Australia anamuzindikira mu 2008. Anapezanso kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu alionse samumva n'komwe, choncho anthu awiri akamatsutsana pagalasi limodzi onse akhoza kukhala akunena zoona. Fungo la batala mu Chardonnay wina limachokera ku diacetyl, amene amapangidwa mabakiteriya akamasintha asidi wakuthwa wa mphesa kukhala asidi wofewa ngati wa mumkaka. Fungo la vanila limachokera m'migolo ya mtengo wa oak momwe vinyo amasungidwa.

Mu 1984 Ann Noble wa ku yunivesite ya California ku Davis anasanja mawu amenewa pachithunzi chozungulira kuti olawa azimvana. Vuto lake n'lakuti zipatso zambiri zimene mabuku a vinyo amatchula zimamera ku Ulaya ndi ku America, ndipo munthu amene sanazidyepo sangazizindikire m'galasi. Palibe lamulo lomukakamiza kuzitchula. Amene anakulira pa mango, bwemba, malambe ndi masuku ali ndi nkhokwe yakeyake ya mafungo, ndipo ikumuthandiza chimodzimodzi, chifukwa cholinga cha mawuwa n'chakuti mawa akakumbukire vinyo amene walawa lero.

Mphuno ndi imenenso imagwira vinyo wowonongeka. Fungo la katoni yonyowa kapena chipinda cha chinyontho limasonyeza kuti chitsekerero chawononga vinyo. Chitsekererocho chimapangidwa ndi khungwa la mtengo wina wa oak umene umalimidwa kwambiri ku Portugal, ndipo nthawi zina chimakhala ndi mankhwala otchedwa TCA amene mphuno ya munthu imawamva ngakhale atachepa bwanji. Botolo lotere silidwalitsa, koma sitolo yabwino imalisintha popanda kukangana. Vutoli ndi chimodzi mwa zifukwa zimene opanga ambiri, makamaka ku Australia ndi New Zealand, anasamukira ku zitsekerero zachitsulo zopotokola, ndipo chitsekerero chotere si chizindikiro cha vinyo wotchipa.

M'kamwa wolawa amafufuza zinthu zingapo, chilichonse pachokha. Kutsekemera kumamveka msanga. Vinyo wambiri wapatebulo alibe shuga womveka chifukwa yisiti inamudya yense, ngakhale fungo lake litakhala la zipatso zakupsa. Asidi amadziwika ndi malovu: vinyo wowawasa akalavulidwa m'kamwa mumadzadza malovu. Mowa umamveka ngati kutentha kukhosi, ndipo vinyo wambiri amakhala ndi 12 mpaka 15 peresenti. Chinthu chachinayi ndi tannin, amene amachokera m'makoko, m'njere ndi m'migolo, ndipo amapezeka kwambiri mu vinyo wofiira. Iye amagwirana ndi mapuloteni a m'malovu, malovuwo n'kusiya kuterera, moti nkhama ndi lilime zimauma n'kukhakhala. Tiyi wamasamba amene wakhalitsa m'ketulo, womwa wopanda mkaka, amachita chimodzimodzi chifukwa nayenso ali ndi tannin. Pomaliza wolawa amadikira kuti aone kuti kukomako kutenga nthawi yaitali bwanji kusanathe. Vinyo wopangidwa bwino amatsalira m'kamwa, wamba amangozimiririka.

Pamene dzina ndi mtengo zabisidwa

Eni sitolo ena amakulunga mabotolo m'mapepala kuti olawa asaone dzina kapena mtengo. Amatero chifukwa maso amalamula lilime kuposa mmene anthu amaganizira. Mu 2001 ofufuza a ku Bordeaux, mmodzi mwa iwo Frédéric Brochet, anapatsa ophunzira za vinyo 54 vinyo woyera amene anamuthira utoto wofiira wopanda fungo. Ophunzirawo anamufotokoza ndi mawu amene amagwiritsidwa ntchito pa vinyo wofiira.

Kulawa kobisa mayina kumene kunasintha malonda a vinyo padziko lonse kunakonzedwa ndi mwini kasitolo kotere. Steven Spurrier, Mngelezi amene anali ndi sitolo yotchedwa Caves de la Madeleine ku Paris, anaitana akatswiri asanu ndi anayi a ku France pa 24 May 1976 kuti ayerekeze vinyo wotchuka wa kwawo ndi wa ku California. Nthawi imeneyo palibe amene ankaganiza kuti wa ku America angafike pa wa ku France. Mapepala amene akatswiriwo analembapo zigamulo zawo atawerengedwa, woyera wopambana anali Chardonnay wa 1973 wa ku Chateau Montelena, ndipo wofiira wopambana anali Cabernet Sauvignon wa 1973 wa ku Stag's Leap Wine Cellars, onse a m'chigwa cha Napa. Mtolankhani mmodzi yekha ndi amene analipo, George Taber wa magazini ya Time, koma nkhaniyo inafala ndipo inalimbitsa mtima alimi a mphesa a m'maiko ena.

Luso lolawa vinyo silitengera kumene munthu anabadwira. Mu 2017 amuna anayi a ku Zimbabwe, Joseph Dhafana, Tinashe Nyamudoka, Marlvin Gwese ndi Pardon Taguzu, anaimira dziko lawo ku France pa mpikisano wa dziko lonse wozindikira vinyo popanda kuona botolo. Onsewa anapita ku South Africa kukafuna ntchito, ndipo anaphunzira za vinyo ali akuluakulu kale mpaka kukhala oyang'anira vinyo m'malesitilanti apamwamba a ku Cape. Nkhani yawo ili mufilimu ya Blind Ambition ya 2021.

Chakudya chimasintha vinyo

Gawo limene limaphunzitsa kwambiri pa tsiku lolawa ndi pamene mbale zafika. Wolawitsa wodziwa ntchito amauza anthu kuti ayambe alawa vinyo yekha, kenako alume chakudya, abwererenso pagalasi lomwelo. Kawirikawiri vinyoyo amamveka ngati wina. Chakudya chimasintha vinyo kuposa mmene vinyo amasinthira chakudya, ndipo kusinthako kumatsata njira zodziwika.

Mchere ndi bwenzi la vinyo. Umachepetsa kuwawa ndi kukhakhala, ndipo umachititsa kuti zipatso zimveke bwino. N'chifukwa chake patebulo lolawira ku Cape sipasowa biltong, nyama youmitsa ya mchere ndi zokometsera, imene amaiika pambali pa Pinotage kapena Shiraz. Ku Spain amachita zofanana ndi maolivi ndi mtedza wa almond wokazinga pambali pa vinyo wa fino. Kuwawasa kwa chakudya kumathandizanso. Munthu akadya chinthu chofinyidwira ndimu, vinyo wowawasa amamveka wofewa. Koma vinyo wa asidi wochepa akakumana ndi chakudya chowawasa amazilala. Anthu a ku Tuscany amamwera Chianti pa zakudya za msuzi wa tomato chifukwa mphesa yake, Sangiovese, ili ndi asidi wokwanira kulimbana ndi tomatoyo.

Mafuta amafuna chimodzi mwa zinthu ziwiri. Asidi amatsuka mafuta m'kamwa, moti nthongo yotsatira imakoma ngati yoyamba, ndipo n'chifukwa chake vinyo wathovu amayenda bwino ndi zokazinga, ngakhale tchipisi wamba. Tannin naye amafatsa akakumana ndi nyama yonona yothira mchere: mafuta amabwezera kuterera m'kamwa, ndipo vinyo amene payekha anali wokhakhala amamweka bwino. Ku Argentina nyama ya ng'ombe yowotcha imayenda ndi Malbec, ndipo ku Bordeaux nyama ya nkhosa imayenda ndi vinyo wa Cabernet Sauvignon.

Shuga ndiye mdani. Keke kapena chokoleti ikadyedwa ndi vinyo wopanda shuga, vinyoyo amasanduka wowawasa ndi wowawa, zipatso zake n'kuthawa. Lamulo limene amalonda onse amagwirizana ndi lakuti vinyo azitsekemera kuposa chakudya. Zimenezi zimakhudzanso ndiwo zimene zili ndi shuga wobisika. Bobotie, chakudya cha Amalay a ku Cape cha nyama yogaya, kale, zipatso zouma ndi mazira pamwamba, amayenda bwino ndi Chenin blanc wa zipatso zambiri kapena Riesling wokhala ndi kashuga pang'ono kusiyana ndi vinyo wofiira wamphamvu. N'chimodzimodzinso nsomba ya snoek yowotcha, imene kumeneko amaipaka jamu wa maapurikoti.

Tsabola wowawa ndi nkhani ina. Kuwawa kwake si kukoma koma ululu, umene mankhwala otchedwa capsaicin amaudzutsa m'mitsempha yomva kutentha, ndipo mowa umakolezera ululuwo. Vinyo wofiira wa 15 peresenti pa ndiwo ya tsabola wambiri amawotcha m'kamwa ndipo tannin wake amawawa kwambiri. Wozizira, wa mowa wochepa ndi wotsekemera pang'ono ndi amene amaziziritsa. Alipo anthu amene amakonda moto umenewo ndipo amasankha dala wofiirayo. Amenewo sanalakwe, angodziwa chimene akufuna.

Lamulo lakale lakuti nsomba imafuna vinyo woyera lili ndi chifukwa chimene ofufuza a kampani ya Mercian ku Japan anachifotokoza mu 2009. Anapeza kuti ayironi amene ali mu vinyo wina, makamaka wofiira, akakumana ndi mafuta a zamoyo zam'madzi amatulutsa fungo loipa la nsomba limene limatsalira m'kamwa. Si vinyo wofiira aliyense amene ali ndi ayironi wambiri, ndipo Pinot noir wopepuka anthu ambiri amamumwera pa nsomba zonona monga salmon ndi tuna. Chimene chimalamula kwambiri ndi kulemera kwa chakudya ndi kaphikidwe kake. Nkhuku yowiritsa ndi nkhuku yowotcha pamakala sizifuna vinyo mmodzi, ndipo kawirikawiri msuzi ndi umene umasankha vinyo kuposa nyamayo.

Tchizi amafunika kumuchenjerera. Amalonda akale a vinyo ankati pogula munthu azilawira buledi kapena apulo, koma pogulitsa azilawitsira tchizi, chifukwa mafuta ndi mchere wa tchizi zimabisa zolakwika za vinyo. Wogula amene wakonda botolo atadya tchizi amachita bwino kutsuka m'kamwa ndi madzi n'kulilawanso lokha. Ambiri amaganiza kuti tchizi amayenda ndi vinyo wofiira, koma mitundu yambiri imayenda bwino ndi woyera. Tchizi wa mkaka wa mbuzi wa ku Chavignol amadyedwa ndi Sancerre, vinyo wa Sauvignon blanc wolimidwa m'mapiri omwewo. Tchizi wa nkhungu yobiriwira ndi mchere wambiri amafuna wotsekemera: Roquefort ndi Sauternes ku France, Stilton ndi Port ku England. Zambiri mwa zimenezi sizinapangidwe ndi akatswiri. Anthu a dera limodzi ankadya ndi kumwa zimene nthaka yawo inkabala, ndipo pa zaka mazanamazana zimene sizinkagwirizana zinasiyidwa.

Mfundo zomwezi zimagwira ntchito pa mbale ya ku Malawi kapena ku Zambia, ngakhale kuti mabuku a vinyo saitchula. Nsima payokha siikoka vinyo kupita kulikonse, choncho ndiwo ndiyo imasankha. Chambo chokazinga chofinyidwira ndimu chimafuna woyera wowawasa monga Sauvignon blanc kapena Chenin blanc. Kanyenya wa mbuzi, ndi utsi ndi mchere wake, amatha kupirira Shiraz kapena Pinotage. Nkhwani wotendera ali ndi mafuta a nsinjiro amene amayenda ndi woyera wolemerako amene anakhalapo mumgolo. Usipa wouma uli m'gulu la nsomba zimene vinyo wofiira amaziwonongera kukoma. Kambuzi akachuluka m'ndiwo, wozizira wotsekemerako ndiye woyenera, ndipo apa vinyo wa zipatso zina osati mphesa akhoza kulowapo, monga amene kampani ya Linga ku Lilongwe imapanga kuchokera ku jambula, magwafa ndi chidede.

Mowa ndi mowa

Magalasi okongola ndi mawu aulemu sizisintha mfundo yakuti vinyo ndi mowa. Bungwe la IARC linaika zakumwa zoledzeretsa m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa mu 1988, ndipo mu January 2023 bungwe la World Health Organization linanena kuti palibe mlingo wa mowa umene ungatchedwe wosavulaza thanzi. Ku South Africa ndi ku Malawi lamulo sililola kugulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18. Ku South Africa woyendetsa galimoto saloledwa kufika pa magalamu 0.05 a mowa pa mamililita 100 a magazi, ndipo munthu amene wameza zonse zimene wathiriridwa pa tsiku lolawa akhoza kupyola pamenepo mosavuta. Mayi woyembekezera sayenera kumwa n'komwe.

Chigawo cha Cape chikudziwa bwino mtengo wa zimenezi. Kwa zaka mazana eni minda ankalipira antchito gawo lina la malipiro awo ndi vinyo wotchipa, mchitidwe wotchedwa dop. Lamulo linauletsa m'zaka za m'ma 1960 koma m'minda ina unapitirira mpaka m'ma 1990. Madera ena a kumeneko ali m'gulu la malo amene ana ambiri padziko lonse amabadwa ndi mavuto obwera chifukwa cha mowa umene mayi anamwa ali woyembekezera. N'chifukwa chake ogula ena amafunsa mwini sitolo za mmene munda umene wapanga botololo umasamalira antchito ake, ndipo mabotolo ena amakhala ndi chizindikiro cha Fairtrade kapena cha bungwe la WIETA, limene limayendera minda pa nkhani imeneyi.

Kugula ndi kusunga

Palibe amene amakakamizidwa kugula, ngakhale kuti pamene sanalipiritse ambiri amatengako botolo limodzi posonyeza kuyamika. Wogula amathandizidwa bwino akanena zinthu zitatu mosabisa: ndalama zimene ali nazo, chakudya chimene akukaphika, ndi vinyo amene wamukonda kapena kumukana patebulo paja. Kunena kuti wachitatu uja anali wokhakhala kwambiri kumathandiza wogulitsa kuposa kutchula mayina a mphesa amene munthu wangowaloweza. Mwini sitolo yam'dera amadalira anthu obwerabwera, choncho sizimupindulira kukankhira munthu botolo lodula limene sakalikonda. Mtengo wa vinyo umakwera chifukwa cha zinthu zambiri, monga kuchepa kwa zokolola, mtengo wa migolo yatsopano, kutchuka kwa dera ndi misonkho, ndipo si zonsezi zimene zimamveka m'kamwa.

Vinyo wambiri wa m'masitolo anapangidwa kuti amwedwe pasanathe zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo kumusunga nthawi yaitali sikumuwonjezera kanthu. Amene amapindula ndi kukalamba ndi wochepa, wa asidi, tannin kapena shuga wambiri. Adani a botolo ndi kutentha, kuwala ndi mpweya. Malo abwino ndi amdima, a madigiri 12 mpaka 14 osasinthasintha, ndipo m'maiko otentha malo otere ndi ovuta kuwapeza m'nyumba wamba. Botolo losiyidwa m'galimoto padzuwa la October likhoza kuwonongeka tsiku limodzi, ndipo pamwamba pa firiji kapena pafupi ndi mbaula ndi malo oipa kwambiri. Pansi pa kabati ya zovala, m'chipinda chosawomba dzuwa, ndi pabwinoko. Botolo la chitsekerero cha khungwa amaligoneka kuti khungwalo lisaume n'kulowetsa mpweya, pamene lachitsulo likhoza kuima.

Malangizo akuti vinyo wofiira azimwedwa pa kutentha kwa m'chipinda ananenedwa poganizira nyumba zozizira za ku Ulaya. Kumene m'nyumba mumafika madigiri 28 kapena 30, wofiira amafunika kukhala m'firiji kwa mphindi 20 mpaka 30 asanathiridwe. Botolo likatsegulidwa mpweya umayamba kulisintha. Likatsekedwanso n'kuikidwa m'firiji, woyera ndi wofiira yemwe amakhala bwino masiku atatu mpaka asanu, wathovu tsiku limodzi kapena awiri ngati pali chotsekera chogwira mwamphamvu. Vinyo wam'katoni amatha milungu ingapo chifukwa thumba lam'kati limafwapa akamathiridwa ndipo mpweya sulowa. Wotsalira amene wayamba kuzilala amagwirabe ntchito pophikira nyama, koma amene wayamba kununkha viniga ndiye kuti mabakiteriya asandutsa kale mowa wake kukhala asidi.